Mphuno ya Anaphiri

Sewero la pawailesi

Otenga mbali:

A GAMA, kalaliki wowerengera ndalama pa holoselo ina ku Limbe.

ANAPHIRI, mayi wa geni ya mandasi, mafilizesi ndi tsabola wa m'mabotolo.

Nyumba zawo n'zogundana khoma, za landilodi mmodzi ku Bangwe. Mita ya magetsi ndi imodzi.

(Lachisanu m'mamawa. Tambala akulira. Mafuta akuwira m'chiwaya chapatali. Kenako kugogoda kwamphamvu pachitseko.)

NAPHIRI: Odi kuno! Odi a Gama! Musadzigonetse, makina anu ndikuwamva akufwenthera momwemo.

GAMA: (ali m'kati, mawu atulo) Ndani kodi m'mawa ngati uno?

NAPHIRI: Ndine amene munandivula uja.

(Chitseko chitseguka mofulumira.)

GAMA: Iii, Anaphiri! Tsitsani mawu! Anthu akamva aziti chiyani?

NAPHIRI: Amve! Usiku wa Lachitatu ndinatuluka kukaanula zovala zimene ndinaiwala pachingwe. Ndikudutsa pawindo panu, katani ili pambali, ndikuona chinthu. Chotuwa mbuu, mutu mpala, chopanda ndi kansalu komwe, manja chatambasula chonchi, chikuzungulira pang'onopang'ono mumdima. Inu muli pampando, mwachiyang'anitsitsa, mukumwetulira.

GAMA: Ooo, chimenecho! Chimenecho ndi chidole cha pakompyuta basi.

NAPHIRI: Chidole cha mphuno yanga?

GAMA: Mphuno zimafanana, aneba.

NAPHIRI: Iyi siifanana ndi ya munthu. Ndi ya kwathu ku Dedza, ya agogo anga akuchikazi. M'Bangwe monse muno ilipo imodzi. Ndi kanjerewere aka ka patsaya mwakaikaponso!

GAMA: Chabwino. Ndinatengerako pang'ono. Takhalani pansi ndikufotokozereni.

NAPHIRI: Sindikhala, mandasi ali pamoto, ndasiyira Tadala. Lankhulani ndili chiimire. Ndipo lero simupita kuntchito?

GAMA: Ndatumiza uthenga kuti ndili ndi malungo.

NAPHIRI: Malungo a maso ofiira ndi kugona 4 koloko. Pitirizani.

GAMA: Munthu wa m'katuni sayamba ndi zovala. Ukatsegula pulogalamu imeneyi, dzina lake Blender, umapeza kabokosi kali pakati. Ndiye umakadula, kumakoka ngodya zake, kumakadulanso, mpaka kabokosi kasanduka mutu, khosi, mapewa. Thupi lonse limene munaonalo ndi timagawo tating'onoting'ono ta ngodya zinayi, tolumikizana. Khungu, duku, chitenje, zonsezo zimabwera pambuyo. Manja amakhala otambasula dala, kuti m'khwapa musakwinyike poika mafupa.

NAPHIRI: Poika chiyani?

GAMA: Mafupa.

NAPHIRI: Mayo ine! Mafupa a ndani?

GAMA: Si a munthu ayi! Ndi timizere timene timaika m'kati mwa chidole. Kamodzi pamsana, kena pamkono, kena pachala. Ndikakoka ka pamkono, mkono ukukwera. Ndikapotokola ka pakhosi, mutu ukutembenuka.

NAPHIRI: Munayamba liti kukoka ka pamkono?

GAMA: Lolemba.

NAPHIRI: Mkono uti?

GAMA: Wamanja.

NAPHIRI: Abale inu! Phewa ili layamba kundiphwanya Lolemba lomwelo! Ine kumadzola mankhwala, kumati mwina ndi kukanda ufa, pomwe munthu akundipotokola kuseri kwa khoma!

GAMA: Anaphiri, phewa limenelo mwakhala mukulidandaula chilowereni m'nyumba muno.

NAPHIRI: Koma sabata ino lanyanya. Ndikauza amfumu. Ayi, amfumu achedwa, ndipita ku COSOMA ndikakusumireni.

GAMA: COSOMA imateteza zimene munthu wapeka: nyimbo, mabuku, zojambula. Mphunoyo simunapeke ndinu.

NAPHIRI: (atsonya) Mwayamba mwano. Ndiye chidole chimenechi ndi chimene chikutithera mayunitsi. Mwezi watha tinasonkha mofanana, pofika pa 20 mita inali ikulira kale.

GAMA: Eee, pamenepo ndiye mwandiputa. Nkhani ya manambala ndi yanga. Laputopu iyi ikalimbikira imadya mawatsi ngati 100. Kuti ithe yuniti imodzi, iyenera kugwira ntchito maola 10. Hotipuleti yanu ija ndi ya mawatsi 1,000. Yuniti imodzi imatha pa ola limodzi.

NAPHIRI: Ine ndimaphikira makala.

GAMA: Nyemba za Lamulungu munaphikira makala? Khoma ili n'lopyapyala, aneba. Swichi ndinaimva kuti thapu titangobwera ku tchalitchi, inadzazima dzuwa litapendeka. Nyemba zosanyika n'komwe. Osanena za firiji ya mafilizesi imene siipuma usana ndi usiku.

NAPHIRI: Firiji imabweza ndalama yake. Chanucho chimabweza chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani chimachezera usiku wonse, inu mutagona?

GAMA: Chimakhala chikurenda.

NAPHIRI: Chichewa, a Gama.

GAMA: Chikuphika zithunzi. Ine ndimangoika zinthu m'malo: munthu apa, nyali apo, kamera uko. Kompyuta ndiye imawerengera kuwala, kumene kwachokera, kumene kwagunda, mthunzi ugwera kuti, duku linyezimira bwanji. Imatero kadontho kalikonse ka chithunzi. Tsono filimu si chinthu chimodzi choyenda ayi, ndi zithunzi zoima zothamangitsana, 24 pa sekondi imodzi. Mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440. Makina angawa chithunzi chimodzi amatha mphindi 5. Chulukitsani.

NAPHIRI: Chulukitsani ndinu, ndi ntchito yanu.

GAMA: Maola 120. Masiku 5 osazimitsa.

NAPHIRI: Kuti munthu aonere mphindi imodzi.

GAMA: Eya.

NAPHIRI: Nanga magetsi akathima pakati?

GAMA: Ukasunga chithunzi chilichonse pachokha, umapitiriza pamene unalekera. Koma ukauza makina kuti atulutse filimu yonse kamodzi, ikadukira panjira umatha kutaya zonse.

NAPHIRI: Ndiye kukuwa kuja kwa mwezi wa June? Ine ndinavala kale chitenje cha maliro, kumati kwa a Gama kwagwa zovuta.

GAMA: Zinalidi zovuta. Masiku atatu anapita m'madzi.

NAPHIRI: Masiku atatu a chiyani? Chidole changachi?

GAMA: Ayi, nthawi imeneyo inali donasi.

NAPHIRI: Inali chiyani?

GAMA: Donasi. Anthu ambiri ophunzira Blender amayambira pamenepo. Kuli bambo wina wa ku Australia, Andrew Price, amaphunzitsa pa YouTube mwaulere. Umaumba donasi, kuithira zotsekemera pamwamba, kuwazapo timitundumitundu, kuika pambale. Ukamaliza wadziwa kuumba, kupaka mtundu, kuyatsa nyali ndi kugwira kamera. Inanditengera masabata atatu.

NAPHIRI: Masabata atatu donasi imodzi! Ine ikamakwana 6 koloko beseni ladzaza kale. Ndiye anadya ndani?

GAMA: Siidyedwa.

NAPHIRI: Siidyedwa.

GAMA: Koma inaoneka yeniyeni, Anaphiri! Nditaiika pa status ya WhatsApp, anzanga akuntchito ankandifunsa kuti ndagula kuti.

NAPHIRI: Ndiye munawayankha kuti kwa aneba anga ku Bangwe?

GAMA: Ayi, ndinawauza kuti ndi ya pakompyuta.

NAPHIRI: Taonani munthu uyu! Makasitomala abwera okha ndi njala yawo, iye n'kuwabweza! Ndi mutu umenewu mukufuna kusiya ntchito?

(Chete. Nkhuku ikutetera.)

GAMA: Mwamva kwa ndani? Ngakhale amake Yankho sindinawauze.

NAPHIRI: Zimamveka.

GAMA: Zimamveka bwanji?

NAPHIRI: Mwanena nokha kuti khoma n'lopyapyala. Yankhani funso. Munthu wa ana atatu, wa malipiro a pamwezi, wa penshoni, mukasiye zonsezo chifukwa cha zidole?

GAMA: Anaphiri, zaka 14 ndikuwerenga ndalama za eni. Mabelo a shuga alowa angati, makatoni a sopo atuluka angati. Ndikatseka maso ndimaona timabokosi ta Excel. Ku ofesi kuja ndikayang'ana wotchi ili 10 koloko, ndigwire ntchito, ndigwire ntchito, ndiyang'anenso, ili 10 koloko yomweyo. Koma ndikakhala apa titadya nsima, ndimangodzidzimuka tambala wanu akulira. Ine ndili Sitandade 6 aphunzitsi ankandiitana m'makalasi a akuluakulu kuti ndiwajambulire mapu a Malawi pabolodi, ndi matumbo a munthu a m'buku la sayansi. Malemu bambo anga anati kujambula sikudyetsa munthu, pita ukaphunzire za maakaunti. Ndinamvera. Pano imvi zayamba.

NAPHIRI: Malemu bambo anu anali munthu wanzeru. Nanga panopa chakuletsani n'chiyani? Masana shuga, usiku zidole. Si mmene mukuchitiramu?

GAMA: Mapanga awiri avumbwitsa, aneba. Kuntchito ndikuwodzera, kuno ndikuthamangira. Konsekonse ndikuchita mwatheka.

NAPHIRI: Inu mwambi mwaupeza wokukomerani. Nawu wina: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

GAMA: Mwabwereranso ku mphuno.

NAPHIRI: Sindinachokeko.

GAMA: Koma dziko lasintha! Kale zinthu zimenezi zinali za makampani akuluakulu a ku America. Toy Story, filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pakompyuta, inatuluka mu 1995, ndipo inafuna chipinda chodzaza makina. Lero pulogalamu ndili nayo m'nyumba ya lendi ku Bangwe, sindinalipire ngakhale tambala imodzi.

NAPHIRI: Munaba.

GAMA: Sindinabe. Ndi yaulere. Anaiyambitsa ndi munthu wa ku Netherlands, Ton Roosendaal. Kampani yake itagwa, pulogalamuyo inatsala m'manja mwa amene anaikamo ndalama. Mu 2002 anthu oikonda anasonkherana mayuro 100,000 m'masabata 7 okha, n'kuiwombola, kuti ikhale ya aliyense mpaka kalekale.

NAPHIRI: Anasonkha n'kuwombola, kenako n'kugawira dziko lonse ulere? Amenewo ku banki m'khonde kwathu sitingawalandire.

GAMA: Sekani, koma mu 2025 filimu yopangidwa ndi pulogalamu yomweyi inapata Oscar. Dzina lake Flow, ya ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Anaitsogolera ndi mnyamata wotchedwa Gints Zilbalodis. Inagonjetsa makatuni a makampani otchuka a ku America aja.

NAPHIRI: Imakamba za chiyani?

GAMA: Mphaka. Madzi asefukira dziko lonse, mphaka wakwera bwato pamodzi ndi galu ndi nyama zina. Mufilimu monse mulibe mawu a munthu ngakhale amodzi.

NAPHIRI: Mphaka, usiku, bwato, osalankhula. Ndiye muziti si ufiti. Anaipanga masiku angati?

GAMA: Zaka zoposa zisanu.

NAPHIRI: Ndi ndalama za m'thumba mwake?

GAMA: Ayi... inadya mayuro pafupifupi 3.5 miliyoni. Anathandizana a ku Latvia, France ndi Belgium.

NAPHIRI: Ohoo. Pulogalamu yaulere, koma anthu ake ankadya. Inu France wanu ndani? Amake Yankho ndi kaunjika wawo?

GAMA: Chabwino, tisiye za kutali. Pafupi pompa, ku Zambia. Malenga Mulendema, mayi wa ku Lusaka, anapeka nkhani ya atsikana anayi a sukulu opulumutsa mzinda wawo. Supa Team 4. Inaonetsedwa pa Netflix mu 2023, dziko lonse kuonera Lusaka m'katuni.

NAPHIRI: Imeneyo Tadala amaitchula. Mayiyo anachita kujambula yekha pakhonde?

GAMA: Anagwira ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Anamusankha pa mpikisano wawo wa nkhani mu 2015.

NAPHIRI: 2015 mpaka 2023. Inu a manambala, ndi zaka zingati?

GAMA: Zisanu ndi zitatu.

NAPHIRI: Yankho ali Fomu 1. Mukamadzatulukira pa Netflix adzakhala ndi ndevu, fizi ikumudikira. Musandinamize ndi anthu a pa TV, a Gama. Ndiuzeni za kuno. Chiyambireni, makinawa alowetsapo ndalama zingati m'nyumba muno?

GAMA: Ntchito ndiye ndagwira zambiri. Makadi a ukwati wa msuweni wanga. Ndondomeko ya maliro a apongozi a mnzanga. Positala ya msonkhano wa chitsitsimutso ku tchalitchi.

NAPHIRI: Ndafunsa ndalama.

GAMA: Msuweni anati anditchula pa maiki.

NAPHIRI: Anakutchulani?

GAMA: Anatchula wa keke. Pamaliro sungatchule mtengo, mukudziwa inunso. Ku tchalitchi anati Mulungu andidalitse.

NAPHIRI: Amen. Nanga shado khansala uja ankaimika galimoto apa chisankho cha September chisanachitike?

GAMA: Ameneyo ndinamukonzera zonse. Matisheti, nsalu, mapositala. Anandiuza kuti ndimuchotse mimba, ndimuwonjezere tsitsi, ndimuyeretse mano. Anatuluka mnyamata. Anati akawina ndidzakhala wojambula wa wodi yonse.

NAPHIRI: Anawina?

GAMA: Foni yake ikuti nambala imene mwaimbayi siikupezeka.

NAPHIRI: Anthu anakamusaka pa pepala lovotera mnyamata wa pa positala uja, osamupeza. Mwamugwetsa ndinu. Ndiye tikawonkhetsa zonse: kutchulidwa kumene simunatchulidwe, madalitso, ndi nambala yosapezeka. Landilodi amalandira zimenezo?

GAMA: Poyamba pamavuta.

NAPHIRI: Ndipo masiku ano aliyense ndi wojambula. Tadala wanga amapanga positala pafoni ndi Canva, madzi a tiyi asanawire. Ena akungouza AI kuti jambula chakuti, basi chatuluka. Adzakulipirani ndani?

GAMA: Lebulo ya pa mabotolo anu a kambuzi anapanga ndi Tadala?

NAPHIRI: Eya. Bwanji?

GAMA: Wa sitolo ku Limbe uja anati chiyani ataiona?

NAPHIRI: Mwamva kwa ndani?

GAMA: Zimamveka.

NAPHIRI: (motsitsa) Anati tsabola ndi wabwino, koma botolo likuoneka ngati mankhwala a makoswe.

GAMA: Tabweretsani limodzi.

(Mapazi. Kugundana kwa mabotolo. Mapazi akubwerera.)

GAMA: Taonani apa. Kambuzi uyu m'mbali mwake muli manomano, ngati anamudula ndi sowo. Chithunzichi chinadutsa pa WhatsApp, WhatsApp inachifinya, timadontho tinachepa. Kenako wosindikiza anachikoka kuti chikule, timadonthoto n'kuonekera. Chizindikiro cha geni sachipanga ndi timadontho. Amachijambula ndi mizere imene kompyuta imawerengera ndi masamu, pa Inkscape kapena CorelDRAW. Choterocho mungachiike pa kabotolo aka, mungachiike pa chikwangwani cha pamsewu wa Robert Mugabe, chimakhala chakuthwa chimodzimodzi.

NAPHIRI: Nanga mtunduwu? Pafoni unali wowala bwino, wa kambuzi weniweni. Papepala watuluka ngati thobwa logona.

GAMA: Foni imapanga mitundu ndi kuwala: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, ndipo mitundu ina yowala ya pafoni inki siingaifikire. Umayenera kukonzeratu mitundu ya inki usanapite kosindikiza, n'kuyesa pepala limodzi kaye. Ndipo apa mwalemba zinthu zonse ndi zilembo zofanana kukula. Dzina, nambala ya foni, vesi la m'Baibulo, moni kwa makasitomala. Diso la wogula lilowera pati? Pamene tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu palibe, zosakaniza palibe.

NAPHIRI: Vesilo lisachoke.

GAMA: Lipite kumbuyo.

NAPHIRI: Hmm. Ndiye mukamakonza, mundijambulirenso kachidindo kaja ka a Bureau of Standards. Wa sitolo amakafunanso. Inu simungalephere, munthu munameretsa tsitsi pa dazi.

GAMA: Ayi! Kameneko amapereka okha a Malawi Bureau of Standards akayeza tsabola wanu ndi kuona pamene mumaphikira. Ndikakajambula ine, tonse awiri tikagona ku Chichiri.

NAPHIRI: Mafupa a anthu mumaika, kachidindo mukuopa. Chabwino. Lebulo yokhayo, ndi zingati?

GAMA: Aaa, inu ndi aneba. Mungopereka iliyonse imene muli nayo.

NAPHIRI: (awomba m'manja) Ndinadziwa! Matenda anu ndi amenewa, osati malungo! Munthu wowerengera ndalama za eni zaka 14, yako osadziwa kuitchula! Munabwerapo pa beseni langa ine n'kunena kuti mungopereka iliyonse? Ine ndimadziwa ufa walowa wa zingati, mafuta a zingati, shuga, yisiti, makala, ndi tulo tanga timene ndataya kudzuka 3 koloko. Zonsezo zili m'ndasi limodzi. Inu m'lebulo mwanu muli chiyani? Tengani cholembera.

GAMA: Ndili nacho.

NAPHIRI: Mugwira maola angati?

GAMA: Kujambula, kukonza, kupita kosindikiza kukayesa... tinene maola 8.

NAPHIRI: Tsiku lathunthu. Kuntchito kwanu tsiku limodzi amakulipirani zingati? Musanene mokweza, lembani. Ikaniponso bandulo. Minibasi ya ku Limbe, kupita ndi kubwera. Mayunitsi, ngakhale mukuti ndi ochepa. Ndiye makinawo akafa mawa, mugula ena ndi chiyani?

GAMA: Musatchule zimenezo. Awa anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, ogwiritsidwapo kale ntchito, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023. Lero mtengo wake sindingauyandikire.

NAPHIRI: Ndiye kasitomala aliyense azisiyapo kangachepe ka makina a mawa. Mwaika? Pamwamba pake phindu. Ndipo theka azipereka ntchito isanayambe, kaya ndi msuweni, kaya ndi abusa, kaya ndi shado. Akati asinthe mtundu kachitatu, alipirenso. Wonkhetsani.

(Kukanda kwa cholembera papepala.)

GAMA: Yakwana K45,000.

NAPHIRI: Chiyani? K45,000 kapepala komata pa botolo? A Gama, ndinu wakuba! Muli ndi chisoni inu? Mayi wamasiye ngati ine!

GAMA: Amuna anu ali ku Nacala ndi thiraki, abwera Lachiwiri. Ndipo masamuwa mwandipatsa ndinu!

NAPHIRI: Ndakupatsani kuti muzikatchaja anthu ena! Ine ndi mphunzitsi wanu. Chotsanipo ya sukulu imene ndakuphunzitsaniyi.

GAMA: K40,000.

NAPHIRI: Chotsaniponso ya mphuno.

GAMA: Mphuno ilowa bwanji apa?

NAPHIRI: Mwaigwiritsa ntchito sabata yathunthu osapempha. Ndipo chidolecho mufilimu yanuyo chikuchita chiyani? Ngati ndi mfiti, tikumana kwa amfumu.

GAMA: Si mfiti. Ndi mayi wogulitsa mandasi pa siteji ya minibasi. Masana ndi mayi wamba. Koma akaona wakuba akupisa m'thumba mwa munthu, amavula duku, n'kuliponya, dukulo limauluka n'kukamanga wakubayo miyendo. Makondakitala onse amamuopa. Palibe amene amamubweza chenje choperewera.

NAPHIRI: (kachete pang'ono) Amawina?

GAMA: Nthawi zonse.

NAPHIRI: Chitenje mudzamuveke chabwino. Osati zotuwa zija. Ndipo m'chiuno mwamukulitsa kwambiri, ine sindili choncho. Kanjerewere kakhale, n'kamwayi.

GAMA: Ndiye K40,000, theka lero.

NAPHIRI: K25,000, ndi mandasi a ana Loweruka lililonse mwezi uno.

GAMA: K35,000. Theka lero. Mukasintha mtundu kachitatu, mulipiranso.

NAPHIRI: Taonani njoka ndaweta ndekha! Chabwino, K30,000, ndipo azimayi a ku banki m'khonde ndiwauza. Alipo wa chiponde, wa sopo wamadzi, wa ufa wa soya, onse malebulo awo ndi a makoswe okhaokha. Koma amenewo muwatchaje yonse, ine ndizilandirapo yanga.

GAMA: Mwasanduka dobadoba tsopano?

NAPHIRI: Manijala. Ndipo monga manijala ndikuti ntchito musasiye. Gulani kope. Ndalama iliyonse ya makinawa muzilemba, zidole muzivinitsa usiku ngati kale. Kopelo likadzalipira lendi miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, popanda kukhudza malipiro, mudzabwere tidzakambirane za kalata yosiyira ntchito. Ndipo kalatayo mudzailembenso. Ndime yoyamba ili bwino, yaulemu. Koma yachiwiri ija, yoti "zaka 14 ndakhala ndikunenepetsa ng'ona", muichotse. Ndi chithunzi cha m'munsi chija, ng'ona yovala tayi ndi magalasi a abwana anu ikumeza makobidi. Mwaifananitsa kwambiri.

(Chete.)

GAMA: Anaphiri. Kalata imeneyo sindinaiwerengepo mokweza. Khoma silingaone chithunzi.

NAPHIRI: Aaa, zimenezo. Yankho anabwera dzulo ndi mulu wa mapepala, akuti adadi ataya m'katoni. Ndinamupatsa mandasi awiri. Mapepala abwino, oyera, amamwa mafuta bwino kuposa nyuzi.

GAMA: Mukukulungira mandasi makalata anga?

NAPHIRI: Munalemba ambiri, a Gama. Ina yaukali, ina yolira, ina ya Chingerezi chovuta. Ine ndinangowerenga imodzi podikira mafuta kuti atenthe.

GAMA: Enawo ali kuti?

NAPHIRI: Apita ndi makasitomala. Ana a sukulu, a kabaza, amayi a kwaya...

GAMA: Amayi a kwaya! Amake Yankho ali m'kwaya!

NAPHIRI: Ya ng'ona sinapite kukwaya, musadandaule. Ija ndakulungira dalaivala.

GAMA: Dalaivala uti?

NAPHIRI: Wa lole ya kuntchito kwanu. Amaima apa Lachisanu lililonse kugula mandasi 20 a tiyi wa ku ofesi. Amati abwana sadya a wina aliyense, koma anga. Anakufunsaninso, akuti a Gama malungo ali bwanji. Ine ndinati malungo ati, munthu wachezera kuvinitsa chidole usiku wonse.

GAMA: Mayo! Wanyamuka nthawi yanji?

NAPHIRI: Ndisanagogode kuno. Koma anati adzera kaye ku Thyolo road kukatsitsa shuga. Mukathamanga mumupeza asanafike.

(Mpando ukugwa. Kusakasaka. Mapazi othamanga, patapata akulira.)

GAMA: (akutalikira) Kabaza! Kabaza! Aise, ima!

NAPHIRI: A Gama! Mwavala patapata wosiyana! Nanga chitseko? Makinawa ndizimitse?

GAMA: (chapatali) Musakhudze! Atsala ndi zithunzi 300!

NAPHIRI: Ndiye ndilowa ndichepetse m'chiunomo ndekha! Fupa lake ndi liti? (anunkhiza) Iii, chikununkha n'chiyani? Tadala! Tadala iwe! Siya foni, mandasi akupserera!

(Mapazi akuthamangira mbali ina. Nyimbo.)